Metikali yotoledwa ndi mkamwini wa eni

Dandaulo langa loyamba ndinalipereka ku komisawu, komiti yathu ya madimba, chaka chatha, mlungu umene kachewere wanga anayamba kufota. Kope lake ndili nalo, la karimbo, chidindo chawo. Yankho lolembedwa sindinalandire, n'chifukwa chake ndabwera kwa inu owerenga. Ndikuvomera poyambirira pomwe kuti mbuna imene ndinagweramo ndinakumba ndine.

Ndimalima m'dambo lina kufupi ndi Lifidzi. Dimba langa lachita malire ndi la aNangozo, mayi wamasiye wakhama, ndipo tonse timathirira pa kasupe mmodzi. M'chilimwe wothirira m'mawa amapeza madzi, wamasana amapeza matope ndi achule. Tinkakangana chaka ndi chaka. Tsono ine, poti ndinaphunzirako ku mishoni, ndinabwera ndi nzeru: Loweruka lililonse tiziponya ndalama ya metikali m'mwamba, aliyense asankhe mbali yake, kara kapena korowa, wopambana atenge m'mawa wa mlungu wonse. Ndalama ilibe m'bale, ndinatero. ANangozo anavomera, ndipo tinasaina.

Woponya ndinasankhanso ndine. Anali aZakariya, mphunzitsi wobwera kuchokera ku Ulongwe, wopanda m'bale aliyense m'mudzi mwathu. Ndinalemba ndi dzanja langa kuti ndalama izigwa pansi, woponyayo aziitola n'kulengeza, ndipo mawu ake asatsutsidwe. Ife awiri tinkakhala pa mzere wa dimba, pakuti mawondo athu sakondanso zowerama mu udzu.

Poyamba zinkayenda bwino, mlungu uno ine, wina iwo. Kenaka mphepo inatembenuka. Ndikati kara, igwa korowa. Ndikati korowa, igwa kara. Ndinasintha malo okhala, ndinavula chipewa, tsiku lina ndinachita kuyamba ndapemphera, koma ayi ndithu. Ndinabwereka metikaliyo n'kukaiponya kunyumba pa tebulo masana onse, ndipo inkagwa mbali zonse ziwiri mosakondera. Akazi anga, amene ankatongola nyemba pakhonde, ankangoseka. Nditawafunsa choseketsa anati, “Inu pitirizani, bambo, mwina tebulolo likupatsani madzi.”

Kachewere wa aNangozo anachita maluwa, wanga masamba ali lende. M'pamene ndinalemba dandaulo lija. A komisawu anangonena pakamwa kuti mwayi suzengedwa mlandu.

Zoona zinabwera zokha, zitanyamula tambala. Lamulungu lina aZakariya anafika pakhomo panga, anagwada, n'kuika tambalayo pansi. Anati poti kwawo n'kutali ndipo ine ndine munthu wosunga zinthu mwadongosolo, akupempha ndikhale nkhoswe yawo. Mtima wanga unachita kuti myaa. Ndinafunsa kuti mbetayo ndi ya kwa yani.

“Ndi Rozina, wa kwa aNangozo.”

Inu owerenga, tambala anayamba kujompha nsapato yanga. Ndinafunsa kuti chibwenzicho chinayamba liti. Anati cha m'mwezi wozizira. Sindinachite kutsegula mapepala anga, mwezi umenewo ndinkaudziwa bwino, ndi umene mphepo ija inatembenuka.

“Aphunzitsi, ndiuzeni ngati nkhoswe yanu. Mu udzu muja munkaonamo chiyani?”

Anakanda m'mutu. “Madala, inunso munakhalapo mkamwini. Apongozi akhala apo, akukuyang'anani, inu n'kutsegula pakamwa kuti mayi mwaluza? Ine ndinkangoti ndikawerama, dzanja linkadziwa lokha chochita.”

Akazi anga anatuluka m'nyumba akupukuta misozi ya phwete. Mudzi wonse unkadziwa, kupatula ine wosunga mapepala. ANangozo okha analumbira kuti ankayesa ndi madalitso chabe, ndipo ndimawakhulupirira pang'ono.

Unkhoswe ndinavomera, tambala tinadya, ndipo pa ukwati ndinavina mpaka ana anandiwombera m'manja. Mwamunayo ndi wabwino, Rozina wapeza banja. Koma kachewere wanga chaka chimenecho anatuluka ngati mazira a njiwa, moti ogula a ku Kalomwe anamuyang'ana n'kundifunsa ngati ndi mbewu.

Tsono mverani. Ndalama yoponya ilibedi m'bale, koma woitola ali naye, ndipo ngati alibe lero adzakhala naye mawa. Mukamachita maere, ndalama izigwera poyera, pa lichero kapena pa mphasa, onse aione isanakhudzidwe. Musalembe kuti mawu a munthu mmodzi asatsutsidwe, ngakhale akhale wa kwaya. Ndipo mukaona akazi anu akuseka, funsani kawiri.

Chilimwe chayandikira ndipo mbewu ndagula kale. Choncho, mwaulemu, ndikupempha a komisawu ya madimba kuti ayankhe molemba zinthu izi: kuti lamulo ndinalemba lija lifafanizidwe, kuti maere azichitikira pa lichero pamaso pa onse, ndiponso kuti milungu ya m'mawa imene ndinalandidwa ibwezedwe kwa ine chaka chino, kachewere asanachite maluwa. Mboni yanga ndi mkamwini wa aNangozo, amene wavomera kudzanena zonse, malinga apongozi ake akhale panja.