Delesi la amake Alinafe

Ku Luembe ndi ochepa amene amadziwa dzina loti Agnesi. Onse amangoti amake Alinafe. Analowa m'Zambia ali kamtsikana, nkhondo ya ku Mozambiki itafika poipa, akuyenda m'thengo atagwila nsonga ya nsalu ya amai awo. Nkhondo itatha ambili anabwelela kwawo, koma iwo anali atayamba kale banja ndi a Julio, mnzawo wothawa nkhondo, ndipo manda a amai awo anali kuno. Anatsala, n'kumalima chimanga ndi nshawa ngati wina aliyense.

Ali ndi khalidwe limodzi limene ana awo amawaseka nalo: chovala chilichonse, kaya changochoka m'pepala, sachivala asanachichape. Kumsasa wa othawa nkhondo analandilapo zovala za m'mabelo, banja lonse n'kugwidwa mphele. Mlongo wawo wamng'ono anadzikanda mpaka zilonda. Kuyambila pamenepo, nsalu imayamba yaona madzi isanakhudze thupi lawo.

Chaka chatha mwana wawo Alinafe anapeza banja. Mwamunayo anali Mubiana, mphunzitsi amene boma linamutumiza kuno kuchokela ku Mongu. Zitamveka kuti abale ake abwela ulendo wonsewo kudzaona ukwati, amake Alinafe anasowa mtendele. Moyo wawo wonse anavala salaula. Tsiku limeneli lokha anafuna kuima pamaso pa asewele awo atavala chinthu choti munthu wina sanachivalepo.

Atagulitsa nshawa anakwela minibasi kupita ku Nyimba. Analowa m'shopu ina ya m'mbali mwa mseu, ya magalasi aakulu, mmene kale ankangosuzumila podutsa. Anasankha delesi labuluu la maluwa oyela pakhosi. Mtsikana wogulitsa, dzina lake Christabel, anawathandiza kuyeza, akuwakonza mapewa.

"Amai, ili anasokela inu," anatelo. "Ndipo silisuluka, olo muchape tsiku lililonse."

Kunyumba analiviika m'beseni ndi sopo wamba. Asanafikise n'komwe, madzi anada ngati inki. Maluwa oyela aja anamwa utotowo n'kukhala mathothomathotho. Litauma linali litakwela mpaka m'maondo, ndipo mikono sinkalowa. A Julio analiyang'ana nthawi yaitali, kenako anati, "Pita nalo. Ndi anthu, akumva."

Anabwelela ku Nyimba ukwati utatsala pang'ono. M'shopumo anapeza Christabel ndi mnzake Rabecca atawelamila foni imodzi. Anapeleka moni. Atsikanawo anapitiliza kuyang'ana foni. Anaima kufikila Christabel atadzutsa mutu.

"Mufuna chani?"

"Mwanangu, delesi lija ndinagula kuno. Taona mmene lachitila."

Christabel analinyamula ndi zala ziwili, n'kulinunkhiza. "Mwachapa."

"Ee, ndachapa. Unati silisuluka."

"Ine? Ine sinikudziwani. Katundu wochapa sitilandila. Mwavala, mwavinila, lelo mufuna latsopano?"

"Sindinavale. Ukwati wake sunachitike."

"Likununkha utsi," anatelo Rabecca, akuseka. "Kapena munaliphika?"

Amake Alinafe anapempha kuonana ndi mwini shopu. Anauzidwa kuti ali ku Lusaka, ndipo nambala yake sapatsa anthu wamba. Anayesa kufotokoza bwinobwino, kuti madzi anali a pachitsime, sopo ndi yemweyu amachapila aliyense. Koma iwo mtima ukawawa, lilime limabwelela kwa amai awo, mawu n'kumatuluka mwa kutsidya kwa malile. Christabel anamva zimenezo.

"Ahaa, ndinu a ku Mozambiki! Ndiye kwanu mumachita choncho? Kuno ni ku Zambia."

"Kwathu ndi ku Luembe," anayankha.

"Iwe mai, usatitayile nthawi. Chotsa chinsanza chako pa kaunta."

Mawu oti iwe aja anawalasa kuposa zonse. Mtsikanayo anali wamng'ono kwa Alinafe.

Nthawi yomweyo kunalowa mai wina wa nsapato zazitali, makiyi a galimoto ali m'manja, mmodzi wa ogwila nchito ku maofesi a boma. Anatulutsa siketi m'chikwama n'kunena kuti ataichapa zipi yayamba kuvuta. Atsikana aja anaimilila onse awili.

"Pepani kwambili, madamu. Sankhani ina. Rabecca, apatse mpando."

Amake Alinafe anaonelela zonsezo ali chiimile pomwepo. Mai uja anawayang'ana, anayang'ananso delesi linali pa kaunta, n'kutembenukila ku masiketi. Iwo anapinda delesi lawo mosamala, monga mmene analipindila pobwela, n'kutuluka. M'minibasi sanalile. Anakalilila kumunda, kumene kunalibe munthu.

A Julio atamva anafuna kukwela njinga kuti akaonane nawo atsikanawo. Akazi awo anawaletsa. "Mukatsegula pakamwa akamvanso kumene munabadwila. Zikwane za ine." Iwo sanamuuze Alinafe kanthu, poopa kumuonongela chimwemwe.

Pa ukwati anavala bulauzi yawo ya kutchalitchi ndi chitenje chimene anabweleka kwa mnansi. Amai ake a Mubiana anafika atavala musisi, chovala cha kwawo chotambalala ngati ambulela, ndipo anali munthu wabwino mtima. Pojambula zithunzi anawagwila dzanja kuti aime pamodzi kutsogolo. Amake Alinafe anakana mwaulemu, n'kukaima kumbuyo kwa azakhali a mkwati. Pa chithunzi chimene chili pakhoma kwa Alinafe amaoneka mutu wokha.

Delesi lija analing'amba. Mbali ina anapanga nkhata yosenzela madzi, ina anamangila pa mtengo m'munda kuti iziopseza akhwangwala.

Masiku ano akapita ku Nyimba kukagula mbeu kapena mchele, amadutsa tsidya lina la mseu. Koma mwezi watha malole anatseka mbali imeneyo, ndipo anakakamizika kudutsa pakhomo penipeni pa shopu ija. Christabel anali panja, akupachika madelesi. Anawamwetulila ndi mano onse.

"Amai, lowani muone! Katundu watsopano wafika mailo. Pali lina labwino, lingakukhaleni."

Sanawazindikile n'komwe. Amake Alinafe anaima pang'ono, akufunafuna mawu amene akhala akuwakonza mumtima chaka chonse. Anakonza thumba lawo pamutu n'kupitiliza ulendo wa ku siteshoni.