Tsiku limene dzenje linameza ba Kabeya

Ntchito yanga yoyamba ndinaipeza chifukwa panalibe wina woifuna. Nditamaliza sukulu ndinakhala nthawi yaitali kwa azakhali anga ku Kanyama, komboni ya mu Lusaka, ndikungodya za eni ake, mpaka tsiku lina ba Mulenga, amene ankachita lendi kuseri kwathu, anandiitana. Anali ochokera ku Kopala, dera la migodi, kapitawo wa gulu lotapa zimbudzi.

"Iwe, mphamvu uli nazo koma nchito ulibe," anatero. "Mphuno yako ni yolimba?"

Ndinavomera ndisakudziwa chimene ndikuvomera.

Ku Kanyama pansi ndi mwala, ndipo malo okumba chimbudzi chatsopano anatha kalekale. Chikadzaza chimayenera kutapidwa basi. Galimoto yopopa siingalowe m'tinjira topanikizika ta m'komboni, komanso m'dzenjemo mumakhala nsanza, mabotolo ndi matewera, zoti paipi singakoke. Ndiye tinkaboola khoma la dzenje cham'mbali ndi piki, kukoka zinyalala ndi foloko, kenako kutapa ndi fosholo ya mpini wautali n'kumathira m'migolo ya buluu. Migolo ikadzaza tinkaivindikira n'kuikweza pa ngolo yokankha. Pomaliza tinkatseka bowo lija ndi njerwa ndi simenti, n'kuwaza klorini paliponse pamene tadontheza. Ba Mulenga anali ndi lamulo limodzi lalikulu, loletsa kutsikira m'dzenje: "Munthu akagwela mkati, osamukonkha. Mpweya wa muja upaya. Ponya chabe nthambo."

Fungo ndinalizolowera msanga. Chimene chinandikanika kuzolowera ndi nkhani ya madzi akumwa. Tikapempha madzi, eni nyumba ankadula botolo lapulasitiki pakati, kuthiramo madzi n'kuliika pansi, kuti dzanja lawo lisakhudzane ndi lathu. Tikamwa ankatiuza kuti tiliponye m'chimbudzi momwemo. Zinkandiwawa, sindinama. Tinkachotsa zawo zomwe, koma onyansa tinali ife.

Amene ankandiseka ndikakwiya ndi ba Kabeya, mkulu wochokera ku Kongo amene anandiphunzitsa kugwira fosholo. Analibe m'bale ku Lusaka konse. Anakhalako kundende, ndipo kachasu ankamwa mosabisa. M'komboni ankangowatchula kuti Mukasai, kutanthauza munthu wa ku Kasai, dera la ku Kongo, ngati alibe dzina. Komabe potapa ankaimba nyimbo za kutchalitchi m'Chiswahili, ndipo Lamlungu ndinkawapeza atatsamira mpanda wa tchalitchi, akumvetsera ali panja.

"Bwanji simungena?" ndinawafunsa tsiku lina.

"Nikangena ine, bonse bazachoka," anayankha akuseka. "Mulungu ananiibala kudala, mwana."

Tsiku lovuta linafika m'nyengo ya dzinja, Kanyama yense ali m'madzi. Tinapita kukatapa kwa amake Daliso, mtsogoleri wa amayi a chigwirizano pa mpingo wina wa m'dera lathu. Tinawapeza atavala kale bulauzi yawo yoyera ndi duku, akukonzekera kupita ku msonkhano wa amayi. Pakamwa pawo panali pakuthwa ngati lezala.

"Osagwila chitseko changa," anatero tisanatsitse n'komwe migolo. "Na uja chakolwa Mukasai asafike pafupi na bana."

Botolo lodula analiika pansi kutali, monga mwa nthawi zonse. Mumtima ndinati, awa ndiye opemphera ake.

Sitinadziwe kuti madzi anali atadya dothi kuseri kwa khoma la dzenje. Titangoboola, ba Kabeya anakwera pa silabu, simenti yovindikira dzenje, kuti aone ngati yachita mng'alu. Ndinamva kulira kwa simenti, kenako khoma, silabu ndi munthu zonse zinapita pansi. Nditasuzumira ndinaona mutu ndi dzanja limodzi lokha, chidutswa cha silabu chitawapanikiza pachifuwa. Tinaponya chingwe koma dzanja lawo linakanika kuchigwira. Ba Mulenga anandiyang'ana, anadzimanga chingwe m'khwapa, n'kutsikira m'dzenjemo, kuswa lamulo lawo lomwe. Anakankha chidutswa chija n'kukumbatira ba Kabeya. Ine ndi anyamata ena a gulu lathu tinakoka mpaka manja kusupuka, ndipo onse awiri anatuluka.

Ba Mulenga anagwada pambali akusanza. Ba Kabeya tinawagoneka pamatope, osazindikirika nkhope, akutsamwa. Anthu anadzaza, atagwira mphuno, ena akujambula ndi mafoni. Woyendetsa takisi amene tinamuitana anangoona n'kubwerera. Ine ndinali ndi magolovesi, koma sindinadziwe poyambira.

Amene anang'amba gulu lija ndi amake Daliso. Anagwada m'matope momwemo, kunyamula mutu wa ba Kabeya n'kuutsamiritsa pachifuwa pawo, pa bulauzi yoyera ija. Analowetsa chala m'kamwa mwawo n'kuchotsa zimene zinkawatsamwitsa, dzanja lili lopanda golovesi. Wina anawapatsira botolo lodula lija ndipo analikankha.

"Osati iyi! Letani kapu yanga mu kabati, ija ya abusa."

Kapuyo itabwera ndi madzi, anasambitsa ba Kabeya kumaso, kuwatsukuluza m'kamwa, n'kuwagwirizira kapuyo pamilomo. Ba Kabeya anatsegula maso.

"Mayo, muzaononga malaya," ananong'ona.

"Lekani vamalaya. Dzina lanu ndimwe bandani?"

"Kabeya."

"Ba Kabeya, nakulakwilani lelo. Tiyeni tipemphele."

"Mulungu anganilandile ine? So mwamene nilili?"

"Ngati ananilandila ine na kamwa kanga aka, imwe angakukaneni bwanji? Yesu sayembekeza kuti muyambe mwasamba."

Anapemphera pang'ono chabe, ndipo ba Kabeya anati ameni. Tinatsitsa migolo pa ngolo yathu n'kuwagonekapo, ndi kuyamba kukankha kupita ku kiliniki, madzi akufika m'mawondo. Amake Daliso ankayenda pambali atawagwira dzanja. Ba Kabeya anamwalira tisanafike pachipata.

Maliro anavuta. Panalibe m'bale wobwera kudzalira, ndipo akulu ena a mpingo anati munthuyo sanali mkhristu wawo, anali chidakwa, kotero sangalowe m'tchalitchi. Amake Daliso anagwiritsa ntchito pakamwa pawo paja, ulendo uno pomenyera ife. Sindikudziwa zonse zimene ananena, koma abusa anavomera. Amayi ambiri a chigwirizano sanabwere. Amene anabwera anali ochepa, ndipo nyimbo zinkamveka zopyapyala m'nyumba yaikulu ija. Ife otapa zimbudzi tinanyamula bokosi n'kulowa nalo pa khomo limene ba Kabeya ankaliopa, ndipo palibe amene anatuluka.

Amake Daliso anakhala kutsogolo atavala bulauzi yomwe ija. Anaichapa, koma banga lachikasu linakana kuchoka pachifuwa ponse. Mayi wina anawanong'oneza kuti akanabwereka ina. Anangopukusa mutu.

Ntchitoyo ndinaigwirabe nthawi ndithu, ndipo mabotolo odula sanathe. Ngakhale pano ndikadutsa pomwe anzanga akutapa, ndimaona mabotolowo ali pansi. Koma kuchokera tsiku lija, silabu ya m'nyengo ya mvula sindiikhulupirira, ndimayamba ndaigogoda ndi mpini ndili pambali. China chimene ndinatenga n'chakuti munthu wogwera m'dzenje sumuuza kuti ayambe wasamba ndiye umugwire. Ndinkaganiza kuti Mulungu amatiponyera chingwe ali kutali, atagwira mphuno, n'kudikira kuti tikwere tokha. Ba Kabeya chingwe chinawakanika kugwira, ndinaona ndi maso angawa. Anachita kutsikiridwa m'dzenje momwemo.