Malungo amene Mada anabwera nawo kunkhondo

Zinayamba mu Novembala, sabata imene anthu kuno amaphulitsa makombola. Nditaweruka kuntchito ndinamupeza Mada ali pampando kukhitchini, atavala majekete awiri, hita ili yoyatsa. Mano ankagundana. Poyamba ndinati ndi phokoso la makombolawo. Munthu wochokera kunkhondo zophulika sizimusangalatsa. Koma nditamugwira pachipumi, panali potentha ngati ayironi.

Mada ndi mwana wa mlongo wanga Esinati. Dzina lonse ndi Madalitso. Anabadwira ku Canada, kumene mayi ake anakwatiwa. Analowa usilikali asanakwanitse zaka makumi awiri. Anamuika m'gulu la oyenda pansi, aja onyamula mfuti m'manja ndi chikwama kumsana, n'kumutumiza ku Afghanistan, dera la Kandahar. Anabwerako wamoyo, miyendo yonse ilipo. Koma kwa mayi ake anakanika kukhala. Tulo panalibe, kulankhula ayi. Mlongo wanga anandiimbira foni. "Achimwene, mwana wanuyu mutengeni. Ine wandikanika." Mwini mbumba ndine, sindikanakana. Ndinamulandira mu fulati yanga ku Nechells, kuno kudziko lina la azungu kumene ndimagwira ntchito.

Ine sindine wolankhulalankhula, iyenso anali chimodzimodzi. Tinkagwirizana. Chinthu chimodzi chokha ndicho chinkamutsegula pakamwa: kumudzi. Ku Mchinji anali asanapondeko. Ankandifunsa m'Chingerezi chake kuti kuli mitengo yanji, munda wa mayi ake ndi waukulu bwanji, akafika adzagona pati. Ndinamulonjeza kuti mu Juni, anthu akakolola, tipita tonse. Anayamba kuphunzira moni.

Kutentha kuja kunali ndi kayendedwe kake. Lero wagwa: kuzizidwa, kenako moto, kenako thukuta lonyowetsa bulangete. Mawa lake wadzuka, akudya. Mkuja wagwanso. Ine ndakulira ku Mchinji. Malungo ndimawadziwa ngati mmene ndimadziwira njala.

Ndinatchula zachipatala kamodzi. Anakana. Anati madokotala akangomva kuti munthu ndi msilikali amayamba kufunsa za maloto, ndipo iye anatopa nazo. Sindinaumirize. Mumtima ndinati azungu malungo akawadziwira kuti. M'kabati ndinali ndi LA. Pafupifupi aliyense wa ife kuno ali naye, amabwera m'sutikesi pamodzi ndi usipa. Ndinamupatsa m'mawa ndi madzulo, masiku atatu, ndi mkaka. Anadzuka. Ndinati zatha.

Mu Januwale zinabwereranso. Ndinapempha LA wina kwa mayi wina wakutchalitchi amene anali atangofika kuchokera ku Lilongwe. Funso linandibwerera: udzudzu wamuluma kuti, pomwe kunja madzi akuuma ndi chisanu? Ndinalisiya funsolo. Ena kutchalitchi anali ndi yankho lawo, akuti munthu amene waona magazi kunkhondo amayenera kusambitsidwa asanalowe m'nyumba. Ndinamupatsa mapiritsi, anadzukanso, koma anali ataonda ndipo maso anali atayera.

Kachitatu kanali mu Malichi. Ulendo uno anadandaula kupweteka kumanzere, pansi pa nthiti, mpaka paphewa. Anati mwina wagonera. Lachitatu m'mawa, ndikumanga nsapato kuti ndizipita ku shifiti, anaimirira kukatunga madzi pampopi. Anagwa ngati thumba. Milomo inayera, thukuta lozizira. Ndinaimba ambulansi.

Kuchipatala anamulowetsa mwachangu, ine anandisiya pampando wapulasitiki pakhonde. Ndinakhala pamenepo kuyambira m'mawa mpaka masana. Anthu ankadutsa ndi machira, palibe wondiyang'ana. Kenako anatuluka dokotala wamkazi, wamng'ono msinkhu.

"Wapitako kunja kwa dziko lino posachedwapa?"

Ndinati ayi, koma chaka chatha anali kunkhondo. Ndinatulutsa m'thumba paketi ya LA yopanda kanthu. Anaitembenuza, anawerenga, sanandikalipire.

"Kapamba wake watupa mpaka waphulika. Magazi akutayikira m'mimba. Tikupita naye ku opareshoni tsopano lino."

Ndinaimbira Esinati. Ndinamuuza zonse, za LA zomwe. Anati, "Achimwene, nkhondo inandibwezera mwana wamoyo." Anadula foni.

Mada anatuluka ku opareshoni madzulo. Kapamba anamuchotsa yense. Anamuika magazi. Masiku oyamba anali m'chipinda cha odwala kwambiri, machubu m'mphuno ndi m'mikono. Ndinkaloledwa kulowa kanthawi kochepa, nditasamba m'manja ndi mankhwala. Sankandizindikira bwino.

Zotsatira za magazi zitabwera, dokotala wina anandifotokozera pang'onopang'ono. Anali malungodi, koma a mtundu wina, wopezeka kwambiri kumene anali kumenya nkhondoko. Tizilombo take timabisala m'chiwindi, timatha kugona miyezi. LA amatsuka m'magazi, m'chiwindi safikamo. Nthawi iliyonse tizilomboto tikadzuka, kapamba ankatupirapo. Ndinafunsa kuti tikanabwera mu Novembala zikanatha bwanji. Anati akanamuyeza magazi, n'kumupatsa mapiritsi a masabata awiri. Basi.

Atamusamutsira kuwodi wamba, masiku anayamba kufanana. M'mawa kuyeza kutentha ndi kuthamanga kwa magazi. Kenako tiyi. Kenako gulu la madokotala kuzungulira bedi, kulankhulana okhaokha. Alendo tinkalowa masana. Ine ndinasinthana shifiti ndi mnzanga, ndinkakwera mabasi awiri. Mankhwala a m'chiwindi aja sanamuyambitse msanga. Anati ayambe ayeza kaye ngati magazi ake angawapirire, ndipo tinadikira masiku angapo. Kudikira ndiye ntchito yaikulu m'chipatala.

M'wodimo munali nesi wa ku Zambia, mayi wamphamvu. Atamva dzina lathu anasiya Chingerezi.

"Ba mudala, ndimwe munali ba dokota kunyumba?"

Ndinavomera ndi mutu.

"Na ise ku Chipata timachita so chabe. Koma aya si malungo ya kwathu iyayi. Aya anabwela na ndeke." Anatembenukira kwa Mada. "Iwe soja, nyamuka uyende. Bedi si ya ambuye ako."

Mada anaseka, chilonda chinamupweteka, anatukwana. Aka kanali koyamba kumumva akuseka chibwerereni.

Dokotala anamufunsa ngati a usilikali anamupatsa mapiritsi omwa akabwerera kwawo. Anati inde. Tsiku limenelo, alendo ena atatuluka, anandiuza zankhondo, kamodzi kokha. Anati ankayenda m'minda ya mphesa, m'mbali mwa ngalande zothirira, katundu kumsana wolemera ngati munthu. Maso onse anali pansi, kusaka pamene dothi lakumbidwa, chifukwa mabomba ankakwiriridwa m'njira. Ankagona m'mipanda yadothi, udzudzu uli ng'waa. Mapiritsi oteteza ankawatsegula m'mimba, ndiye akapita kolondera ambiri ankawasiya. Ndani angaope udzudzu pamene mnzake waduka miyendo dzulo? Pobwerera anawapatsa kabotolo, akuti mukamalize kunyumba. Iye sabata yoyamba anaithera kumaliro a mnzake. Kabotolo kanatsala m'dirowa.

Apa ndiye pamene pamandiwawa. A usilikali anatenga mwana, anamuphunzitsa kuwombera, anamukweza ndege kupita kudziko la eni. Atabwerako, mendulo inamupeza pa positi, adiresi sanaiphonye. Koma woimba foni kufunsa ngati wamaliza kabotolo kaja panalibe. Tchimo langa ndi langa, sindikulikana. Koma udzudzu umenewo sindinamutumizeko ndine.

Anagona m'chipatala pafupifupi masabata atatu. Tsiku lotuluka dokotala anatikhazika pansi. Anati munthu wopanda kapamba amagwidwa msanga ndi matenda. Azimwa mapiritsi oteteza tsiku lililonse, abayitse katemera, ndipo thupi likangotentha azithamangira kuchipatala. Mada anafunsa za ulendo wa mu Juni.

"Kuti?"

"Malawi."

Dokotala anaika cholembera pansi. "Popanda kapamba, malungo a kumeneko akhoza kukupha m'masiku ochepa. Kukuletsa sindingathe. Koma ukanakhala mwana wanga, sukanapita."

Mada anandiyang'ana. "Ankolo, Mchinji?"

Ndinayang'ana pansi.

Kunyumba anachira pang'onopang'ono. Poyamba kuchoka pabedi kufika kukhitchini kunali ulendo. Kenako masitepe. Kenako tinkayenda m'mbali mwa ngalande ya kuseri kwa mafakitale, iye patsogolo, maso pansi monga anazolowera. Malungo sanabwererenso. Atapeza mphamvu anabwerera ku Canada.

Mu Juni ndinapita ndekha. Abale anaphika zambiri, anali atasesa m'nyumba yoti agonemo. Anandifunsa kuti mwana wa Esinati ali kuti. Ndinati watanganidwa.

Papita zaka tsopano. Mada ali bwino. Amagwira ntchito kocheka matabwa, anakwatira, ali ndi mwana wamkazi. Mapiritsi amamwabe. Pamimba ali ndi chipsera kuchokera pachifuwa mpaka pamchombo. Amandiimbira Lamlungu, amandipatsa moni m'Chichewa, mawu onse molondola. Esinati anayambanso kundilankhula, koma za chaka chimenecho sitikamba.

Kwa anzanga muli kuno, mawu anga ndi ochepa. Thupi likatentha pitani kuchipatala tsiku lomwelo. Nenani kulikonse kumene munthuyo anayenda, ngakhale papite chaka. Akakana, mukokeni. LA wa m'sutikesi musiyeni, simukudziwa chimene mukuchiza. Amene abale anandipatsa mu Juni muja ndinakamusiya ku famase kuti akataye.

Munda wa mayi ake ku Mchinji ulipo. Akulima ndi ena.