Chimbale chomaliza cha a Mphenzi

Loweruka lapitali ndinatsika basi pa Chongwe nditakumbatira chimbale ngati khanda. Chinali chatsopano cha gulu la Mphenzi, ndipo akuti n'chomaliza, poti woimba ng'oma wapita kumigodi ndipo wa besi walowa mpingo.

Inu amene munavinako zaka zija mukuwadziwa a Mphenzi. Gitala yawo inkalira ngati sowo pathabwa louma, ndipo tinkatuluka muholo malaya atamatirira kumsana. Woliza gitalayo ndi mlamu wanga, a Jairosi, amene anakwatira mlongo wanga. Miyezi ino ali kumudzi cha ku Kasisi, mwendo wina m'munda, wina pamsewu. Mvula yayandikira koma munda sanasose. Akuti chimbalechi chikagwira anthu mtima abwerera ku Lusaka kukayambitsa gulu lina. Zikatero, mlongo wanga ndi ana ake chimanga adzangochionera kwa anansi.

Ndiye masanawo, nditafika kwa mlamuko, tinalumikiza gumbagumba ku batire ya galimoto patsinde pa mango.

Abale, ndinene bwanji? Gitala ija aikankhira kumbuyo, ikungong'ung'udza. Patsogolo aika kalimba kamagetsi kolira ngati udzudzu. Mawu ake ndi omwewomwewo, tigwire ntchito, tithokoze atsogoleri, nyimbo ndi nyimbo. Ndinatembenuza chimbale ndili ndi chiyembekezo, koma mbali yachiwiri inali mng'ono wake wa yoyamba. Zinandiwawa.

Chimene chinandizunguza mutu n'chakuti a Mphenzi anali ndi lamulo lawo lodziwika. Nyimbo yatsopano ankayamba aiyesa pamaso pa anthu. Anthu akadzuka n'kuvina, inkalowa m'chimbale. Akangokhala, ankaitaya pomwepo, ngakhale ikhale ya mtsogoleri wa gulu. Nanga izi zinadutsa bwanji?

Mlamu anaona nkhope yanga.

"Izi nyimbo tinaziyesa, mulamu," anatero. "Anthu enze kuvina maningi."

"Munaziyesera kuti?"

"Ku mamiting'i ya chipani. Nanga si maholo anatseka na kafyu, lija lamulo loletsa kuyenda usiku? Kwina tikanalizira kuti?"

Apo ndiye panagona nkhani. Kodi alipo amene anaonapo amayi a pamsonkhano wa chipani atakhala pansi nyimbo ikulira? Amayi aja amabwera palole, atauzidwa dzulo lake kuti avale chitenje chiti. Amavina ngakhale mnyamata wa zokuzira mawu akungoyesa makina. Amavina chifukwa tcheyamani akuyang'ana, ndipo benchi la kumsika, limene amagawa ndi iye, limakoma ukakhala nalo. Gulu limene linkakhulupirira miyendo ya anthu linakafunsa miyendo yobwereka, ndipo inawayankha kuti inde.

Musawaseke a Mphenzi okha. Ife tonse tazolowera kuwomba m'manja nkhani isanathe. Telala akakusokera buluku lopotoka umati zikomo, lakhala bwino. Khansala akalankhula za mlatho umene sitinauone, timalulutira. Tikafika kunyumba m'pamene timatsegula pakamwa, chitseko titatseka. Akuluakulu anati wakutsina khutu ndi mnansi, koma masiku ano makutu onse ali pamtendere. Ndiye munthu adziwa bwanji kuti wasokera, pamene aliyense panjira akumugwedezera mutu?

Nyimbo yotsiriza ili mkati, mlamu anandifunsa funso limene ndinkaliopa.

"Nanga imwe mwaimvera bwanji?"

Ndinayang'ana mlongo wanga, amene ankasenda mtedza pakhonde osatukula mutu. Ndinayang'ana mlamu, munthu amene zala zake zinativinitsa unyamata wathu wonse. Ine wolemba zolimba mtima m'nyuzipepala sabata ndi sabata, pakamwa panga panatuluka mawu aja timauza telala.

"Ili bwino, mulamu."

Sanandiyang'ane kumaso. Anayang'ana pansi, pamene panali nsapato zanga. Fumbi linali lili chikhalire, lopanda ndi mzere womwe. Kenako anayang'ana ana ake, amene ankasewera mpira wamapepala chapafupi pomwepo ngati palibe chikulira.

Anadzuka, nanyamula singano pachimbale nyimbo isanathe, n'kumasula mawaya kubatire.

"Amake Tisa," anaitana mkazi wake, "lija khasu langa munaika kuti?"