Sabata ya 29 ya Ratree

Ratree anabwera kuno ku Thy, dera la anthu olankhula Chidanishi, kuchokera ku Thailand zaka zinayi zapitazo, atakwatiwa ndi Preben, mlimi wa nkhumba. Masana amacheka nsomba kufakitale, Lachiwiri madzulo amakaphunzira Chidanishi.

Mu Epulo aphunzitsi anati aliyense akonzekere kufotokoza kumene adzapite patchuthi. Kuno tchuthi sitinena tsiku, timatchula nambala ya sabata. Ratree anakafunsa mwamuna wake. Preben, maso ali pa mpira, anangoti, "Sabata ya 29, wokondedwa. Tikawaona amayi ako."

Mayi ake a Ratree anali chigonere, mbali imodzi ya thupi itafa. Ratree anaimba foni kwawo tsiku lomwelo, kenaka nkuyamba kuloweza m'Chidanishi: "Sabata ya 29 tidzapita ku Thailand kukaona amayi anga." Panjinga amanena, kuntchito amanena, mpaka anzake kumuseka. "Iwe Ratree, tamva! Ngakhale nsombazi zalongedza kale zikwama!"

Lamulungu lina anakamwa khofi kwa apongozi ake, Inger. Keke itadulidwa, Ratree anakhala tsonga nkunena mawu ake oloweza aja onse, osaphonya.

Inger anaomba m'manja. "Pakamwa pamasuka, mwanawe! Koma nambala wasokoneza. Ya 29 ndi yathu, tonse timakakhala kukanyumba kakunyanja, chaka ndi chaka. Preben analembetsa kale mu Januwale."

"Januwale?"

"Kaone pakalendala yanu."

Preben anali kalikiliki kutola nyenyeswa za keke ndi chala. "Ndimafuna ndikuuze," anatero. "Chaka chamawa, mwina."

Chaka chamawa! Ngati matenda amadikira munthu.

Kalendalayo imapachikika pafupi ndi firiji, aliyense ali ndi mzere wake. Zaka zinayi Ratree amangoipukuta fumbi, sankadziwa kuwerenga kwake. Tsikulo anatembenuza mapepala mpaka Julayi. Zinalipodi, dzanja la Preben. Ndiye kuti tsiku lija amalonjeza, amadziwa. Anangoti mkazi asiye kusokosa, mpira uoneke.

Mzere wa Ratree unali mbee, wosalembedwapo kanthu chibwerere. Anatenga cholembera nkulemba, modinikiza mpaka pepala kubooka.

Lachiwiri aphunzitsi anamuloza. "Ratree, tchuthi udzapita kuti?"

"Sabata ya 29 ndidzapita ku Thailand."

"Paja umati mudzapita awiri. Mwamuna wako bwanji?"

"Mwamuna wanga ali ndi amayi ake," anatero Ratree, Chidanishi chake chili chowongoka bwinobwino. "Ine ndili ndi anga."