Lenzi yosafuna munthu pafupi

Dzina lawo lenileni amalidziwa ndi akuchipatala okha. Pamzere wonse wa mashopu ankangoti a Sekererani, poti ndiwo mawu amene ankakuwa akaloza munthu ndi kamera. Ntchito yawo inali yometa, m'kachipinda kopanikizika pakati pa wowotcherera zitsulo ndi wokonza mafoni: mpando wopendekeka, galasi long'aluka pakona, ndi msomali wokolekapo kamera. Kujambulako anali matenda chabe. Ana a m'dera lonselo anawajambula ulere, ndi mamina omwe, ndipo kandalama ka lumo kankathera kotsukitsa zithunzi.

Mkazi wawo anapirira mpaka anatopa. "Zithunzi sitidya, bambo a mwana," anatero, n'kunyamula kamtsikana kawo kamene kanali katangoyamba sukulu. Anakakwatiwa ndi mwini malole, munthu wofatsa, ndipo n'zimene zinkawawa kwambiri, chifukwa panalibe pomudera. Iyeyo ndiye anaphunzitsa mwanayo. A Sekererani anatsala ndi khoma la zithunzi: mwana akukwawa, mwana wagweluka mano, mwana mu yunifolomu yomukulira, kenako khoma lopanda kanthu. Poyamba mwanayo ankabwera patchuthi. Pambuyo pake kunatsala moni wa pafoni.

Atamaliza maphunziro a unamwino, mwanayo anaimba foni.

"Ababa, mwambo wolandira masatifiketi ndi Loweruka lakumapeto kwa mwezi. Koma makadi olowera atipatsa awiri okha."

"Ndamva, mwananga. Usadandaule."

Anamvadi. Wolipira ndiye amakhala pampando. Mtima unawapweteka mpaka tsiku limenelo anam'cheka khutu kasitomala. Koma mwambowo unali wochitikira pabwalo, ndipo bwalolo linazunguliridwa ndi mpanda wa waya. Mpanda sufunsa khadi. Chosowa chinali lenzi yokoka zakutali.

Wogulitsa makamera akale anawayalira lenzi zitatu patebulo. Yoyamba inali yokongola, yosasamala ngakhale manja anjenjemere, koma atamva mtengo wake anaibweza mwaulemu ngati khanda la eni. Yachiwiri inkagwira pafupi ndi pakatikati, basi. Anaiyesera pakhomo, n'kupeza kuti munthu wa kutsidya kwa msewu akuoneka ngati nyerere. Yachitatu inali yaitali ngati mpope, yosupuka utoto, yolemera kuposa kamerayo.

"Iyi, madala, munthu ali kumapeto kwa bwalo mumuona ndi thukuta lomwe," anatero wogulitsayo. "Koma ili ndi khalidwe lake. Sifuna munthu pafupi. Akakuyandikirani, imachita khungu."

"Andiyandikire ndani ine?" anayankha a Sekererani, akuseka kuseka kosafika m'mimba.

Ngakhale pa yosupukayo ndalama zinaperewera. Wogulitsayo analoza kalenzi kakafupi kamene kanali pakamera yawo. Kanali komweko kamene kanajambula khoma lonse lija. Anakapotokola okha, n'kukasiya patebulo osacheuka.

Lowerukalo anaima kunja kwa waya, m'kanjira kopapatiza, basi ya alendo itaimikidwa kumsana kwawo. Dzuwa linawaphika mu jekete. Anagoneka mpope wawo pamtengo wa mpanda kuti manja asawachititse manyazi, ndipo lenziyo inachita zimene inalonjeza. Anamuona mwana wawo akukwera pansanja, gauni ikum'kupiza. Anaona kachipsera ka pachibwano, kamene anakhala nako atagwa pakhomo la shopu ali wamng'ono. Anamuona akukumbatira mayi ake, akukumbatira mwini malole, bamboyo akupukuta misozi ndi mpango woyera. Zonsezo anazijambula, zowala mbee, nsanje ikuwatafuna.

Anthu atayamba kubalalika, mtsikanayo anaima n'kumayang'anayang'ana cha kumpanda. Kenako anakwinya gauni m'manja, n'kuyamba kuthamangira kugeti. M'kamera anakula, anakula, mpaka anasanduka chimbuuzi. A Sekererani atachotsa diso, anam'peza ali pamaso pawo, akupuma wefuwefu, chipewa chitapendekeka.

"Ndimadziwa kuti mubwera. Ndijambuleni, ababa, ndi kamera yanu, ngati kale. Changu, akundidikira kugalimoto."

Anakweza kamera. Lenzi inalira, kulowa, kutuluka, kufunafuna, osapeza kanthu. Munangoti mbuu. Anabwerera m'mbuyo, msana n'kugunda basi ija. Anapotokola, anapukuta ndi jekete, anatukwana chamumtima. Foni yawo inali ya mabatani, ndipo ya mwanayo inali m'chikwama cha mayi ake.

"Sunthira uko, mwananga."

Anasuntha akumwetulira.

"Pitirira."

"Apa?"

"Ayi. Pita patali."

Kumwetulira kuja kunayamba kuzima. Akanatha kum'fotokozera, akanatha kuponya chitsulocho pansi n'kum'gwira dzanja, koma diso linali litamatirira pakamera, ndipo munthu amene wakhala moyo wake wonse kuseri kwa kamera sadziwa njira ina. Anangomukupizira dzanja ngati akuingitsa nkhuku.

"Patali ndithu! Ukandiyandikira sindikukuona!"

Mwanayo anayenda chambuyo kanjira konseko mpaka kugeti. Hutala ya galimoto inalira. Mayi ake anam'itana. Pamene lenzi inkati zii, yam'peza, anali atatembenuka kale, dzanja lina pachitseko cha galimoto, lina likupukuta m'maso.

"Sekerera!" anakuwa a Sekererani, koma kunali kutali.

Chithunzicho chili pakhoma la shopu, pamalo panali popanda kanthu paja. Makasitomala amachiyamikira kwambiri. Amati n'chowala mochititsa kaso, ulusi uliwonse wa ngayaye ya chipewa ukuoneka, ndipo amafunsa kuti mtsikana wofulatirayo ndi mwana wa ndani.