Khasu Langa Linavala Konkire

Khasu langa limaimba, ee, limaimba ine! Ukaligunda ndi kachitsulo limati ngwee, mawu n'kuwoloka mtsinje wa Likangala n'kubwerako okha. Anandisulira ndi malemu amuna anga chaka chimene anabwera kudzakhala kwathu pa chikamwini. Chitsulo chake anachitola kusikimu ya mpunga, chimbale cha thirakitala yakufa. Anachidula, anachiwotcha, anachimenya masiku awiri. Pomaliza anandiimika pabwalo n'kuyeza mpini pa ine, kuyambira pansi kulekeza pa mchombo.

"Mkazi wamfupi, khasu lalifupi," anatero. "La kusitolo lidzakuthyola msana."

Sananame. La kusitolo ndikalima nalo ndime imodzi, mawa lake ndimayenda ngati ndikufunafuna singano. Mipini ndasintha yambirimbiri, koma chitsulo n'chomwecho, chapepuka, chawala, chazolowera dzanja langa ngati mwana wa chisamba.

Kumunda khasulo linali langa. Kukakhala gule linali lawo. Ankagulula mpini, kugwira chitsulo pa msuka, kamchira kolowa mu mpini kaja, n'kumaliomba ndi bawuti pambali pa ng'oma. Kuvina sankatha, mayo ine, ankavina ngati munthu woponda linthumbu. Kulima nakonso, tisanamizane, tsiku lopalira mutu unkawapweteka. Koma khasu likakhala m'manja mwawo pa gule linkalankhula chinyanja, n'kuthirako chilomwe.

Atamwalira panapita zaka ziwiri, ana anga n'kubwera ndi matumba a simenti kuti timange chiliza. Inali nyengo ya chilimwe, mbande zanga za mpunga zili panazale, zobiriwira, zikuseka. Mmisiri anachokera ku Jali pa njinga, atamanga kumbuyo mpeni wake womangira, chingwe ndi matabwa. Fosholo anaiwala.

"Agogo, tabwerekeniko khasu losakanizira," anatero.

Makasu analipo pamudzi, koma ine ndinathamangira langa. Ndinati lekani liwagwirire ntchito eni ake komaliza. Linasakaniza mchenga, linasakaniza miyala, linasakaniza simenti, phwatha phwatha tsiku lonse, chiliza n'kuimirira chokongola kuposa nyumba imene malemuwo anandimangira ali moyo.

Pomaliza mmisiri anandiuza zinthu ziwiri. "Chilizachi muzichithirira madzi m'mawa ndi madzulo, sabata yathunthu, kuti chilimbe. Khasuli litsukidwe pompano."

Ndinalinyamula kuti ndipite nalo ku mjigo. Nditangofika pamphambano, pamene njira ya kumanda imakumana ndi ya kumudzi, ndinamva mawu kumbuyo.

"Iwe! Ukupita nalo kuti?"

Anali achemwali anga aakulu. Iwowa mwambo amagona nawo, amadzuka nawo, amafunda womwewo. Kwathu munthu akachoka kumanda amasamba m'manja pamphambano n'kulowa m'mudzi. Koma chitsulo chimene chagwira ntchito kumanda sichilowa m'mudzi, sichifika pa mjigo, mpaka mkulu wa adzukulu, okumba manda aja, achiwaze madzi a masamba ake. Ndiye tsoka lake, mkulu wa adzukuluyo m'mawa womwewo anali atakwera bwato kupita kunyanja, kuzimbowera, timisasa toyandama tija asodzi amagonamo masiku.

Mmisiri anayesa kundithandiza. "Amayi, simenti sadikira adzukulu. Ndipatseni ndilipukute ndine."

"Mlendo sasambitsa khasu la wamasiye," anatero achemwali. "Simenti wanuyo wabwera dzulo pa lole. Mwambo uno unabwera wapansi ndi makolo athu kuchokera ku Mozambiki. Wamkulu ndani?"

Mmisiri anayang'ana kumwamba, anapukuta mpeni wake ndi pepala la simenti, poti iye mwambo wathu sumugwira, n'kukwera njinga. Khasu langa tinalikoleka pa mphanda ya mtengo wa mango pamphambano pomwepo, litavala phala lake lonse, uku ndi uku.

Tsiku loyamba ndinalipatsa moni podutsa. Tsiku lachiwiri ndinalipatsa moni. Tsiku lachitatu ndinaona kuti lasintha nkhope. Tsiku lachinayi mkulu wa adzukulu anatulukira akununkha matemba, anathyola masamba ake, anawaza, anati, "Layera." Atati alitsitse mumtengo, linamukoka dzanja mpaka pansi, di!

"Ili ndi khasu kapena fuwa?" anafunsa.

Mayo khasu langa! Linali litatupa ngati mutu wa mlamba, lotuwa, lamiyala, lolemera ngati mwana wa chaka. Chitsulo chinkangosuzumira pa msuka ndi m'mphepete pang'ono. Ndinatola msomali n'kuligunda. Linati du. Ndinagundanso. Du. Mawu onse anali atatsekeredwa m'kati.

Achemwali anapukusa mutu. "Alamu aligwira. Akulifuna kumeneko kuti azilimira."

"Azilimira? Iwo aja?" ndinatero. "Achemwali, munthu amene mutu unkamupweteka akangomva fungo la udzu, kumanda ndiye akatsegule munda?"

Ndinaseka, kenako ndinawerenga masiku. Tsikulo linali Lachiwiri. Kusikimu madzi amabwera mosinthana, ndipo chigawo chathu chinali cha Loweruka. Madzi akalowa m'ndime umafunika kuphwanya zibuma, kusalaza matope, kuwokera mbande zisanakalambe. Ukaphonya, madzi apita kwa ena. Ndiye ine ndilowe m'matope ndi la kusitolo? Ndi msana uno? Ndinalumbira pamphambano pomwepo kuti Loweruka ndilowa m'ndime ndi khasu langa, likuimba.

Tsono ine ndine mkazi, zouma ndimazidziwa. Chimanga chouma gwa timachikonola n'kuviika, mphale n'kufewa. Chikopa chouma timaviika. Ngakhale chipapa chong'aluka timaviika. Ndinamanga khasu ndi chingwe n'kulimiza mu ngalande ya kumunsi kwa mudzi, chingwe n'kumangirira ku bango.

Ndiye onani ntchito yanga masiku amenewo. M'mawa ndowa pamutu, ulendo kumanda, kuthira madzi pa chiliza, ndikuimba:

Limba, limba, nyumba ya bambo,
imwa madzi ulimbe!

Kuchoka apo kusamba m'manja pamphambano, ulendo ku ngalande, kukoka chingwe, ndikuimbanso:

Fewa, fewa, khasu langa,
imwa madzi ufewe!

Nyimbo ziwirizo ndinkaziimba ndi mtima woyera, pakamwa pomwepa, osamva kuti zikutukwanizana.

Lachinayi ndinalivuula, ndinalitsina ndi chala. Chala chinabwerera chokha. Achemwali anati madzi ozizira ndi aulesi.

"Nyemba zokanika umatani nazo?"

"Ndimathira chidulo."

"Basi."

Tinawotcha zitsononkho, tinacheza chidulo chaukali chija chimasandutsa therere kukhala ulusi. Tinagulula mpini, tinaika khasu mu theka la mgolo, tinathira chidulo, tinawonjezera soda wa paketi, moto n'kusonkha pansi. Linawira, ee, linawira! Bwatu bwatu kuyambira m'mawa mpaka dzuwa pamutu. Achemwali anakhala pambali ndi mthiko, n'kumalibaya.

"Silinapse. Sonkhezera."

Amayi a khomo loyandikana nafe, ogulitsa matemba, anaima pa mpanda. "Anganga, fungo limeneli ndiwo zake ziti?"

"Khasu!"

"Mukapakula mutigaireko msuzi, ife mano tilibe."

Nkhuni zanga za mwezi zinathera pamenepo. Titaliphula linatuluka loyera mbee, losamba, lonyada, miyala yake ikung'anima. Ndinaligunda. Du. Ndinalibwezera mu ngalande kuti mwina likazizira liganiza bwino.

Lachisanu m'mawa mmisiri anabwera kudzachotsa matabwa ake pa chiliza. Anachigogoda, anagwedeza mutu, anati ndathirira bwino. Pobwerera anandipeza ku ngalande ndikukoka chingwe, ndikuimba yanga ija ya fewa fewa.

"Agogo, mwakola chiyani, mlamba?"

Khasu linatulukira. Mmisiri analiyang'ana, anandiyang'ana, anayang'ana ndowa yanga yothirira chiliza. Anagoneka njinga pansi bwinobwino, iyenso n'kukhala pansi, n'kuyamba kuseka. Anaseka mpaka kutsokomola, misozi mbwe.

"Agogo, chiliza mumachithirira kuti chitani?"

"Kuti chilimbe."

"Nanga ili mwaliviika kuti litani?"

"Kuti life..."

Ndinaima ndi chingwe m'manja ngati mbuzi yogulitsidwa.

"Madzi ndi nsima ya konkire," anatero akupukuta maso. "Mwamudyetsa masiku atatu, mwamusambitsa ndi madzi otentha. Agogo, chiyambireni kumanga sindinaonepo konkire woleredwa bwino chonchi. Akuposa wa pa chiliza."

"Sekani, amisiri, sekani. Madzi anga ndi a mawa."

Anasiya kuseka, anabwera nane kunyumba, anafotokoza. Konkire saopa madzi, saopa chidulo. Amaopa kunjenjemera. Chitsulo ukachimenya chimanthunthumira, koma mwala suthana nazo, umataya. Ndiye usamalimbane ndi mwalawo, uzimenya chitsulo chenichenicho pamene chikuonekera, pang'onopang'ono, osatopa. Zotsalira zopyapyala ndiye zimafuna chowawasa, mandimu kapena viniga, kenako kukwecha.

"Matsukwa a mphale?" ndinafunsa.

"Akawawasa kwambiri, yesani. Ndi ofooka koma amaluma."

"Mwamva achemwali? Mphale ija sinali kutali!"

Anatulutsa hamala yake yaikulu, anagoneka khasu pamwala, anakweza dzanja. Ine mtima phaa. Chitsulo chokalamba chija, chopyapyala ngati tsamba, hamala yophwanyira miyala? Ndinalilanda.

"Ayi amisiri, mundiphera. Ili lili ndi kamenyedwe kake."

Ndinalowa m'nyumba, ndinapisa dzanja pa tsindwi pamene malemu ankabisa bawuti wawo. Analipo, wadzimbiri, akundidikira. Ndinakhala pa mtondo wogadabuza, ndinagwira khasu pa msuka lili lende, monga ankagwirira iwo. Ndinayamba kuomba m'mphepete, kaombedwe kawo komwe kaja, katatu msangamsanga, kamodzi kokoka.

Du du du, duu. Du du du, duu.

Kunyansa kwake! Ngati munthu akugogoda dzungu. Achemwali anatuluka m'khitchini.

"Wamasiye kuomba gule chiliza chisanaume? Anthu ati chiyani?"

"Ati ndikugwira ntchito ya amisiri."

Ndinapitiriza, nyimbo n'kubwera yokha:

Bambo siyani, khasu n'langa,
inu munapatsidwa nyumba ya simenti!
Bambo siyani, mbande zakula,
mutu wanu uja wapola kodi?

Dzanja litalema ndinasintha, ndinatsamiritsa pa bondo, ndinaomba pa khosi, ndinaomba m'mbali, ndinazungulira. Kenako ndinamva tcha! Mng'alu wopyapyala ngati tsitsi unathamanga pakati pa konkire. Du anasanduka deng. Ndinakuwa. Ndinaomba molimbika. Kachidutswa kanagwa pa phazi langa, kenako kena, kenako chibenthu chonse cha kumbuyo chinasomphoka kamodzi ngati nkhoko za mumphika, phu pansi!

Deng deng deng, ngwee!

Lulululu! Mawu aja, anthuni, mawu aja! Anali osasa ngati munthu wodzuka kutulo, koma anali omwewo. Amayi a matemba analumpha mpanda ndi chitenje m'chiuno. Ena anachokera ku mjigo ndowa zili pamutu. Mmisiri ankaomba m'manja, n'kumakuwa kuti, "M'mphepete agogo, m'mphepete!" Nditacheuka ndinaona achemwali ataima chilili, nkhope yokwiya, milomo yotseka, koma kumunsi mapazi akupondaponda okha. Mthiko uli m'manja. Mapewa anatsatira. Basi, mwambo wonse unalowa m'bwalo, fumbi koboo!

Chibenthu cha kutsogolo chinagwa tili mkati movina, palibe amene anachiona.

Achemwali atatopa anakhala pansi, akupuma wefuwefu, anati, "Ndinanena ine kuti alamu aligwira."

"Munati akufuna kulimira."

"Pamenepo pokha ndinalakwitsa. Amafuna gule."

Chotsala chinali chikanga chotuwa chomatirira ngati ulimbo. Ndinapempha matsukwa owawasa a masiku anayi kwa amayi a matemba, ndinafinyiramo mandimu onse a mumtengo wa kuseri, khasu n'kugonamo. M'mawa kutacha ndinalikwecha ndi chidutswa cha njerwa, ndinalitsuka ndi mchenga, ndinalipaka timafuta tophikira kuti dzimbiri lisalowe, mpini n'kukhomera. Linayera, ee, linayera ngati tsiku lija anandiyeza pa mchombo.

Kupatula pamalo amodzi. Pakhosi penipeni, pafupi ndi msuka, panakakamira kamwala kamodzi koyera, kosongoka, kopendekera kumanzere. Ndinakamenya, ayi. Ndinakakolokosa ndi msomali, ayi. Achemwali anakayang'anitsitsa n'kugwira pakamwa. Malemu pomwalira anali atatsala ndi dzino limodzi lokha kutsogolo, loyera, losongoka, lopendekera kumanzere. Ndinataya msomali. Kalekeni kakhale.

Popita kusikimu ndinadzera kumanda ndi ndowa yomaliza. Khasu ndinalisiya pamphambano kutsidya kwa njira, ine ndaphunzira, silipondakonso kumeneko. Ndinathirira chiliza, ndinabwerera, ndinasamba m'manja, ndinalinyamula, n'kuligunda kamodzi ndi bawuti kuti amve ali komweko. Ngwee!

"Khasu ndatenga, bambo! Dzino lanu mukalifuna mundipeza kundime!"

Ndinafika madzi akungokhota kumene kulowa m'ngalande yathu, akukankha zinyalala patsogolo. Ndinakwinya chitenje, ndinatsegula khomo la ndime ndi khasu langa, ndinalowa m'matope mpaka m'mawondo. Chibuma choyamba chinasweka pakati, dzino likuseka pamwamba pake.